Mijigo ya madzi amchere kuchigwa cha Shire: pomwe ndafika ndi semina ndi lipoti

Kumapeto kwa Seputembala

Machaputala atatu oyamba abwerako kwa a supavaiza, ndipo andiloleza kutsikira kuchigwa kukatenga madzi. Mutu wa kafukufuku wakhazikika tsopano: kuyeza mchere wa m'madzi a m'mijigo ya tsidya la kumadzulo kwa Shire, kuyambira cha ku Nchalo, kudzera ku Ngabu mpaka ku Bangula, kenako kufufuza ngati anthu amamwadi madziwo. Gawo lachiwirili ndi limene ndinaumirira kuti likhalemo. Zikanatheka kungoyeza madzi, kudzaza matebulo ndi manambala, digiri n'kutuluka. Koma aliyense amene anakulira kuno akudziwa kuti mjigo ukhoza kumatulutsa madzi bwinobwino, komiti yake ilipo, mpanda anamanga, chonsecho m'mamawa amayi n'kumaulambalala ndi zidebe zawo ulendo wa kumtsinje.

Boma limawerengera kuti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500 kuti aupeze. Pa kalembera wa 2018, Chikwawa inali ndi anthu 564,684 ndipo Nsanje inali ndi 299,168. Tsono mjigo ukalowa m'kaundula kuti ukugwira ntchito pamene madzi ake samweka, anthu 250 aja papepala ali ndi madzi abwino, koma akumwa ofukula mumchenga. Funso langa lonse lagona pamenepo, ndipo ndalilemba pachikuto cha kope langa kuti ndisadzasochere ndikafika pa chaputala 4, cha zotsatira.

Makalata ndayenda nawo m'njira yake. Ya kusukulu ndinapita nayo ku ofesi ya bwanamkubwa, kuchoka apo ku ofesi ya zamadzi komwe andipatsa mndandanda wa mijigo, kenako kwa mafumu. Kuno sungangofika pamjigo n'kuyamba kuviika zitsulo m'madzi a anthu. Uyambe waonekera kwa a gulupu, iwo akutumize kwa a nyakwawa, a nyakwawa akupatse munthu wa m'komiti woti uziyenda naye. Zimadya nthawi, koma munthu wa m'komitiyo ndi amene amakumbukira kuti mjigo unakumbidwa liti, unayamba wakhalapo wokoma kapena ayi, ndiponso anthu anautaya chaka chiti. M'kaundula zimenezo mulibe.

Okutobala

Kutentha kwa mwezi uno kumadutsa madigiri 40, choncho ndikumanyamuka kusanache pa kabaza n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo.

Chida changa chachikulu ndi kamita koyezera electrical conductivity, kutanthauza mmene magetsi amadutsira m'madzi. Madzi akachuluka mchere magetsi amadutsamo mosavuta, nambala n'kukwera. M'mawa uliwonse ndimayamba ndakaviika m'madzi apadera a m'botolo amene nambala yake ndi yodziwika, 1413 microsiemens pa sentimita, kuti nditsimikize kuti sikakunama. Kutentha nako kumasokoneza, chifukwa digiri iliyonse imakweza nambala ndi pafupifupi 2 peresenti, n'chifukwa chake zoyeza zonse zimawerengedwa ngati madzi ali pa madigiri 25. Kuno madzi amatuluka mumjigo ali ofunda kale, ndiye ndime imeneyi ndaionjezera mu chaputala 3 kuti wina asadzafunse. Ndikafika pamjigo ndimapopa kaye kwa kanthawi kuti madzi amene anagona m'mapaipi atuluke, ndimatsuka botolo katatu ndi madzi omwewo, n'kulidzaza mpaka pakamwa kuti musatsale mpweya. Botolo lachiwiri ndimadonthezamo asidi wotchedwa nitric acid kuti sodium, calcium ndi magnesium, zina mwa zopanga mchere wa m'madzi, zisasinthe tisanafike ku labu. Malo ndimalemba ndi GPS ya pafoni. Chovuta ndi ayezi: wogula kugolosale m'mawa amakhala atasungunuka pofika masana, ndiye cooler box ndikumaikulunga ndi chiguduli chonyowa.

Mafunso ali pa KoboCollect, pulogalamu ya pafoni yolemberapo mayankho. Ambiri ndikufunsa m'Chichewa, koma agogo ena cha ku Bangula amamasuka m'Chisena, ndipo munthu wa m'komiti amandithandiza. Ndisanafunse kanthu ndimawawerengera kalata yopempha chilolezo, osadziwa kulemba amadinda chala. Funso limene likundipatsa zambiri ndi logawa ntchito za madzi: akumwa mumatunga kuti, ophikira kuti, ochapira, osamba, a ziweto. Ukangofunsa kuti "mumatunga pamjigo?" aliyense amavomera, ndipo sakunama, amatungadi. Koma otsukira mbale.

Mjigo wina kudera la dothi la makande sindidzauiwala. Simenti ya pansi yonse yachita mbuu ndi mchere wouma, m'mbali mwa ngalande mwatuwa, mabawuti a pampu adyeka ndi dzimbiri. Amene ndinawapeza pamenepo ndi anyamata oumba njerwa ndi ng'ombe zikudikira kumapeto kwa ngalande. Ndikuwerenga mita, agogo ena aakazi anaima pambali panga n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, kachitsulo kakoko kakuuza chiyani choti ife sitikudziwa? Talawa wekha." Ndinalawa. Madziwo ndi olemera m'kamwa, amasiya kuwawa kukhosi, ndipo ludzu silitha. Anandiuza kuti nyemba ukaphikira madzi amenewa nkhuni zimatha zisanapse, sopo sachita thovu, nsima imamveka kuwawira. Nditafunsa kuti, "Nanga akumwa mumatunga kuti, agogo?" anatuma mtsikana kuti andiperekeze. Tinakafika pamtsinje wouma. Amayi afukula maenje mumchenga, wina wagwada m'dzenjemo akudikira kuti madzi adikhe, akutunga pang'onopang'ono ndi chikho kuti asavundule. Chapafupi pali ndowe za ng'ombe. Ndinaviika mita m'chidebe chake, nambala inali yotsika kwambiri kuyerekeza ndi ya pamjigo. Lilime la amayiwa silinalakwe. Chomwe mita yanga siiona, ndipo lilime nalo silimva, ndi tizilombo ta matenda.

Okhala kufupi ndi Shire amatunga mumtsinje momwemo, ndipo iwo nkhani yawo ndi ng'ona.

Akuluakulu angapo andifotokozeranso kuti kale makolo ankaphika mchere kuchokera ku dothi lomweli: kukokola dothi loyeralo, kulitcheza ndi madzi, n'kuphika madziwo mpaka mchere utatsalira mumphika. Ndazilemba, chifukwa zikusonyeza kuti mcherewu sunabwere ndi mijigo. Unalimo kale m'nthaka, mijigo yangoufikira.

Novembala, kumayambiriro

Ndabwerera kusukulu, ndili ku labu. Chloride, chimodzi mwa zopanga mchere, ndikuyeza ndi mankhwala a silver nitrate. Umathira madzi mlingo wake m'kabotolo ka galasi, n'kudonthezamo potassium chromate, madzi amasanduka achikasu. Kenako silver nitrate uzidontheza dontho limodzilimodzi kuchokera mu burette, kapaipi ka galasi kokhala ndi manambala, dzanja linali likugwedeza. Madzi amayamba kuchita chimtambo choyera, ndipo chloride yense akatha, dontho limodzi lokha limatembenuza mtundu kukhala wofiirira ngati njerwa yowotcha. Pamenepo uime, uwerenge. A tekinishani andilangiza kuti madzi a mijigo yamchere kwambiri ndiziyamba ndawasungunula ndi distilled water, madzi opanda mchere, apo ayi mankhwala atha tisanafike theka, ndipo ndi odula. Zala zanga zada ndi timadontho ta silver nitrate, akuti zichoka zokha khungu likamasuluka. Sodium tayeza pa makina otchedwa flame photometer.

Ndikamaliza botolo lililonse ndimawerengera ngati ma cation (monga sodium) ndi ma anion (monga chloride), magulu awiri a zopanga mchere, akulingana. Kusiyana kukaposa 5 peresenti ndiye kuti penapake sipanayende bwino, botolo limenelo ndimalibwereza. Tebulo la zimenezi lipita ku appendix.

Novembala, pakati mpaka kumapeto

Chaputala 4. Apa ndi pamene ndakhalitsa, ndipo mpoyenera.

Pali miyezo iwiri imene ndikuyerekeza nayo madzi anga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO silinaike malire a zaumoyo pa chloride kapena pa mchere wonse wosungunuka m'madzi, koma limanena za kakomedwe: chloride ikadutsa mamiligalamu 250 pa lita munthu amayamba kuimva, sodium cha pa 200, ndipo mchere wonse ukakhala pansi pa 600 madzi ndi okoma, ukadutsa 1000 amanka navuta kumwa. Muyezo wathu wa madzi a m'mijigo ndi zitsime, MS 733 wa 2005 wa Malawi Bureau of Standards, umalola mpaka 2000 pa mchere wonse, 750 pa chloride, ndi 3500 microsiemens pa conductivity. Ndikumvetsa chifukwa chokhalira ndi muyezo wofewerapo kumudzi. Mutati mutseke mjigo uliwonse wodutsa 1000, anthu muwatumiza kuti? Koma pakati pa 1000 ndi 2000 pali mpata waukulu, ndipo mumpata umenewu ndi momwe muli nkhani yanga.

Mijigo yanga yagawika patatu. Ilipo yokoma, imene m'mawa pamakhala mzere wa zidebe wautali, ena ochokera midzi ina. Ilipo yoipiratu, yopyola malire a muyezo uliwonse, imene palibe amene angatsutse kuti ndi yolephera. Ndiye pali yapakati: malinga ndi MS 733 yakhoza, pampu ndi yamoyo, m'kaundula ndi yogwira ntchito, koma mayankho a amayi akusonyeza kuti akumwa amatunga kwina. Gulu lapakatili silioneka paliponse m'malipoti a chitukuko, chifukwa woyeza madzi amati ali bwino, wowerenga mapampu amati ali bwino, ndipo palibe amene anafunsa wotunga. N'chifukwa chake m'tebulo lalikulu ndaika nambala ya mita ndi yankho la anthu pamzere umodzi, mjigo ndi mjigo, osati m'machaputala osiyana. A supavaiza poyamba ankafuna kuti za labu zikhale pazokha, za mafunso pazokha, monga amachitira ambiri. Ndinawafotokozera kuti ndikazisiyanitsa ndiye kuti ndabwereza vuto lomwe ndikulidandaulalo. Anayang'ana tebulolo kwa kanthawi n'kunena kuti, "Pitirizani, koma mukakonzeke kuliteteza pa semina."

Za chomwe chimayambitsa mchere ndalemba mwachidule, potsamira pa zomwe ofufuza am'mbuyomu anapeza. Chigwa chathu ndi chakumapeto kwa Rift Valley m'Malawi, ndipo ndi malo otsikitsitsa m'dziko muno: pomwe Shire amalowera ku Mozambique ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere. Mvula ndi yochepa, dzuwa limaumitsa madzi ochuluka kuposa amene amagwa. Pomwe madzi apansi ali pafupi ndi pamwamba, amakwera m'dothi n'kuuma, mchere n'kumatsalira chaka ndi chaka. Dothi la makande silidutsitsa madzi msanga, ndiye mvula siutsuka mcherewo. Palinso miyala yakale pansi ndi ming'alu ya m'nthaka imene imakweza madzi amchere ochokera kuya. Ichi n'chifukwa chake mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi ikhoza kusiyana kotheratu. Pa mapu amene ndajambula mu pulogalamu ya QGIS zikuoneka ndi maso: kadontho kobiriwira ndi kofiira kuyandikana.

Nkhani ya kolera ndaigwira mosamala. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Freddy atabwera mu Malichi 2023 anamiza mijigo ndi zimbudzi zambiri kuchigwa kuno. Mtima umafuna kulemba kuti mchere ndi umene ukudwalitsa anthu kolera, koma sindinayeze tizilombo ndipo sindinatenge ziwerengero za kuchipatala. Zomwe ndingaime nazo ndi izi: mjigo wamchere umakankhira anthu ku madzi osatetezedwa. Pamenepo ndaima. Ndaonjezeranso ndime imodzi imene ndikuona kuti ndi yofunika kwa alangizi a zaumoyo: klorini amapha tizilombo koma sachotsa mchere, ndipo kuwiritsa kumangouonjezera chifukwa madzi amauluka mchere n'kutsala. Choncho kumadera amenewa klorini akufunika kwambiri m'zidebe za kumtsinje, komwe kuli madzi amene anthu akumwadi.

Disembala, mlungu woyamba

Semina yayandikira. Tapatsidwa mphindi 15 zolankhula, kenako mafunso. Lipoti lonse silingalowe mmenemo, ndiye ndadula mopanda chisoni. Chaputala 2 chatsala silaidi imodzi. Njira zoyezera ziwiri. Nthawi yambiri ndaisungira mapu, tebulo lija, ndi chithunzi cha simenti yoyera ndi mchere pafupi ndi chithunzi cha dzenje la mumchenga. Nkhope za anthu sizikuoneka, ndipo mayina a midzi ndawasintha kukhala manambala monga ndinalonjezera.

Tikumayeserera madzulo ndi anzanga a m'kalasi, wina kugwira wotchi, ena kukhala ngati aphunzitsi. Mnzanga wina wa ku Mzimba, amene sanafikeko kuchigwa, ndi amene akundithandiza kwambiri, chifukwa chilichonse chimene ine ndimachiona ngati chodziwikiratu iye amafunsa. Sankamvetsa kuti munthu angasiye bwanji madzi oyera a pamjigo n'kukamwa a m'dzenje. Ndaona kuti aphunzitsi enanso adzafunsa chomwecho, ndiye ndikayamba ndi kakomedwe ndisanafike pa manambala. Masilaidi ndasunga pa fulashi ndi pa imelo, ndipo mapu ndi tebulo ndasindikiza pamapepala kuti magetsi akathima ndisaime.

Disembala, semina itatha

Yatheka. Ndikulemba mafunso ndisanaiwale, chifukwa onse alowa m'lipoti.

Loyamba linali la nyengo: madzi ndinatenga m'chilimwe mokha, nanga dzinja? Ndinavomera kuti zotsatira zanga ndi za chilimwe, nthawi imene mchere umayembekezeka kukhala wokwera, ndipo ndazilemba poyera m'gawo la malire a kafukufuku. Lachiwiri linachokera kwa a Dokotala ena a chemistry. Anati, "Kakomedwe ndi maganizo a munthu. Mungaike bwanji maganizo m'tebulo limodzi ndi zoyeza za labu?" Ndinayankha kuti, "A Dokotala, sindinawafunse ngati madzi akukoma. Ndinawafunsa komwe amatunga akumwa, ndipo ndinapitako kukaona. Mtunda umene mayi amayenda ndi chidebe pamutu, kusiya mjigo pakhomo, ndi chinthu choti chikhoza kuyezedwa." Anagwedeza mutu n'kulemba kanthu. Anandiuza kuti m'lipoti ndifotokoze bwino kusiyana kwa zimene anthu ananena ndi zimene ndinaona ndekha, ndipo akunena zoona, ndime imeneyo ikufunika.

Funso lachitatu ndi limene landipatsa ntchito. A Pulofesa ena anafunsa za ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi ku Kapichira kuti ithirire mahekitala oposa 40,000 ku Chikwawa ndi Nsanje. Kodi ulimi wothirira waukulu chonchi udzatani ndi mchere wa pansi? Ndinayankha kuti kafukufuku wanga sanafike pamenepo, koma chodziwika n'chakuti kuthirira kopanda ngalande zabwino zotulutsira madzi kumakweza madzi apansi, ndipo kumalo otentha ngati kwathu zimenezo zimakokera mchere pamwamba. Anati ndiike m'malangizo kuti mijigo ya m'mbali mwa minda yothirirayo iziyezedwa pafupipafupi, ndipo manambala angawa akhoza kudzakhala poyambira poyerekeza. Sindinaganizepo kuti ntchito ya chaka chomaliza ingadzagwire ntchito yotero, ndipo zandilimbitsa mtima kuti ma GPS ndi masiku otengera madzi ndiwalembe mosamala mu appendix.

Malangizo a mu chaputala 5 ndawachepetsa kuti akhale otheka. Asanakumbe, ayambe ayeza nthaka ndi makina a resistivity, oyeza mmene magetsi amadutsira m'nthaka, chifukwa madzi amchere amaonekera pamenepo. Akakumba, ayeze conductivity asanamange simenti ndi kuika pampu, anthu a m'mudzi ali pomwepo ndipo alawe. Pomwe papezeka madzi okoma, aikepo pampu ya sola ndi thanki kuti mipope ifike kumidzi yamchere, kusiyana n'kukumba mjigo wina pamalo pomwe walephera kale. Ndipo m'kaundula wa mijigo muonjezeredwe funso limodzi: kodi anthu amamwa madzi ake?

Zotsala

Lipoti ndikukonza motsatira ndemanga za pa semina. Maumboni onse ali mu pulogalamu ya Zotero m'kalembedwe ka maumboni ka APA, ndatsala n'kuona ngati aliyense wotchulidwa m'kati alinso kumapeto. Ndikatero lidutse pa Turnitin, pulogalamu yoona ngati sindinakopere za ena, a supavaiza asayine, ndikamange mabuku. Abstract, chidule cha lipoti lonse, ndilemba pomaliza.

Palinso ntchito ina imene siili pa mndandanda wa dipatimenti. A nyakwawa ena ponditsanzika anati, "Mwana wathu, ambiri amabwera kudzatenga madzi m'mabotolo, koma sitimva kuti anapezamo chiyani." Lipoti la Chingerezi lomangidwa bwino silingawayankhe. Ndiye ndikulemba masamba awiri m'Chichewa, komiti iliyonse ilandire lake, losonyeza nambala ya mjigo wawo, tanthauzo lake, ntchito zomwe madziwo angagwire, ndi uthenga wa klorini uja. Kumene amamva bwino Chisena ndapempha a m'komiti kuti akawerenge pamsonkhano n'kumasulira. Kope lina lipita ku ofesi ya zamadzi ya boma lililonse mwa awiriwa.

Mvula yayamba, ndipo makande akanyowa ngakhale njinga siyenda, choncho mapepalawa ndiyenera kukapereka ndikangotsekera, misewu ya kumidzi isanaduke. Ndalembanso kalata yopempha kubwereka mita kachiwiri mu Malichi kuti ndikayeze mijigo yomweyo madzi a dzinja atalowa pansi. Magiredi adzakhala atatuluka kale, koma funso la nyengo lija likufunika yankho, ndipo a supavaiza avomera kuti zotsatirazo tidzaziphatikize ku lipoti lomwe lili ku dipatimenti. Kalatayo ili kwa a mkulu wa dipatimenti, ikudikira siginecha.